Mchere wa Mumsewu ndi Mapazi a Galu Wathu

Mayi anga ku Ntcheu anaseka mpaka kutsokomola tsiku lomwe ndinawatumizira chithunzi cha galu wathu atavala nsapato. Atapezako mpweya anandifunsa pa foni kuti, "Mwana wanga, kodi ndalama zakuchulukirani kumeneko? Kuno ana akupita kusukulu opanda nsapato, inu mukuveka galu?" Sindinawatsutse, chifukwa nanenso ndinakula ndikudziwa kuti galu ndi mlonda wa pakhomo. Amagona panja, amadya mkute wa nsima, ndipo akaponda minga amaizula yekha ndi mano. Zaka zingapo zapitazo, wina akanandiuza kuti ndidzagwada pansi n'kumasambitsa mapazi a galu, ndikanamuyesa wopenga.

Mwezi uno ndikufuna ndikambe ndi mabanja athu amene akukhala m'mayiko ozizira, makamaka kuno ku Britain, komwe ana athu ambiri akula akulirira galu wa m'nyumba monga anzawo a kusukulu. Inu a kumudzi musatseke tsambali msanga, chifukwa chakumapeto kuli zanunso.

Lachisanu lomwe tinathamanga

Galu wathu dzina lake ndi Chiperoni. Tinakamutenga kumalo osungirako agalu osiyidwa tsiku la kamvula kowaza, ndipo bambo a Madalitso anati dziko lino ndi la chiperoni chaka chonse, choncho dzina lapezeka. Ndi galu wamsinkhu wapakati, wa makutu ogwa ndi ubweya wautali mpaka pakati pa zala.

Amene mumakhala kumpoto kwa England mukudziwa mmene Lachisanu la m'nyengo yozizira limakhalira. Mu Disembala dzuwa limalowa 4 koloko isanakwane, ndipo kumayambiriro kwa Januwale limangowonjezerapo mphindi zochepa. Ana amafika kuchokera kusukulu Sabata litatsala pang'ono kulowa. Tsiku limenelo ndinali nditagwira ntchito usiku, nyemba zinali pamoto, zovala za kutchalitchi zisanasitidwe. Ndinauza Madalitso kuti, "Iwe, tenga galuyo umuzungulitse msanga, ubwere dzuwa lisanalowe." Anathamanga naye mumsewu waukulu, pomwe malole a khonsolo anali atawaza mchere madzulo adzulo lake. Atabwera anangomasula chingwe, ife n'kukhala pansi kutsegulira Sabata.

Tili pakati pa nyimbo, ndinamva galu akunyambita mapazi pansi pa tebulo, osalekeza. Ndinamukankha pang'ono ndi mwendo kuti asatisokoneze. Usiku anamwa madzi onse a m'mbale yake, ndipo anasanza kawiri. M'mawa wa Sabata ndinapeza timadontho ta magazi pansi m'khitchini. Chiperoni anali atagona pakona, ndipo atayesa kudzuka ananyamula phazi lakutsogolo m'mwamba.

Bambo a Madalitso anali atavala kale jekete, chifukwa linali tsiku lawo lophunzitsa kalasi ya Sukulu ya Sabata. Anayang'ana galu, n'kuyang'ana wotchi. "Mayi a Mada, kodi sizingadikire mpaka dzuwa litalowa?" Sanafunse mwankhanza. Funso limenelo linali mumtima mwanganso, pakuti kwa dokotala wa ziweto timakalipira ndalama, ndipo tonse tinaleredwa kuti pa Sabata sitichita malonda. Amene anatithandiza ndi mwana wathu wamng'ono. Anati, "Adadi, paja munatiphunzitsa za nkhosa yogwera m'dzenje pa Sabata." Nkhaniyo ili pa Mateyu 12, pomwe Yesu anakumbutsa omutsutsa kuti palibe mwini chiweto amene angachisiye m'dzenje chifukwa choti ndi Sabata. Bambo ake anakhala chete kanthawi, kenako anati, "Pitani naye, ine ndikafotokoza kutchalitchi."

Dokotala anayamba ndi funso lomwe linandidabwitsa. Anafuna kudziwa ngati galuyo anayandikira galimoto yodontha madzi a mu injini. Anamuyeza magazi, ndipo tinathokoza Mulungu kuti impso zinali bwino. Vuto linali mchere. Khungu la kuphazi linali litang'ambika kale chifukwa chouma, mchere unalowa m'ming'alumo, ndipo galu pofuna kudzichotsa ululu ananyambita mcherewo n'kuumeza. Ndalama zomwe tinalipira tsiku limenelo zinandipweteka mtima. Chomwe chinandipweteka kwambiri n'chakuti beseni la madzi ndi thaulo zikanatha kupewa zonsezo.

Phazi lomwe Mlengi anapanga

Ndisanakambe za ngozi, ndiyambe ndi chodabwitsa. Munthu akaponda sinowo wopanda nsapato sapirira ngakhale mphindi zochepa, koma galu amathamangamo mosangalala. Pansi pa phazi lake pali khungu lokhuthala kuposa khungu lina lililonse pathupi pake, ndipo mkati mwake muli mafuta ogwira ntchito ngati katsamiro. Mu 2011 akatswiri a ku Japan anafalitsa zomwe anapeza atayang'ana mitsempha ya m'mapazi a agalu ndi makina okulitsa zinthu. Anaona kuti mitsempha yobweretsa magazi ofunda kuchokera kumtima yazingidwa ndi timitsempha tobweza magazi ozizira kuchokera kuphazi. Magazi ofundawo amatenthetsa ozizirawo asanabwerere m'thupi, motero galu sataya kutentha kochuluka kudzera m'mapazi. Nzeru imeneyi imapezekanso m'miyendo ya mbalame za kumadzi ozizira.

Koma phazi limeneli linapangidwira dothi, udzu ndi sinowo woyera. Mchere wa mumsewu, mankhwala a galimoto ndi mabotolo osweka obisika m'madzi oundana ndi zathu anthu. Ngakhale agalu okoka ngolo ku Alaska, amene ndi akatswiri a kuzizira, amavekedwa tinsapato tansalu. Pa mpikisano wa Iditarod, womwe unayamba mu 1973 ndipo umayenda mtunda wa makilomita pafupifupi 1,600 kukafika ku Nome, woyendetsa aliyense amalamulidwa kunyamula tinsapato ta agalu ake. Ngati agalu amenewo amafunika chitetezo, nanji wathu amene amagona pafupi ndi hita tsiku lonse.

Adani anayi a phazi

Mdani woyamba ndi mchere. Nyengo ikalosedwa kuti usiku kuzizira kufika pa 0°C, malole amatuluka kukawaza mchere wa miyala m'misewu, chifukwa madzi amchere saundana msanga ngati madzi wamba. Wambiri umakumbidwa pansi pa nthaka ku Winsford m'dera la Cheshire, ndipo umaoneka wofiirira chifukwa chosakanikirana ndi dothi. Ndi womwewo umene mumauona m'mabokosi achikasu a m'makona a misewu. Ntchito yake ndi yabwino, umapulumutsa anthu ku ngozi. Koma kuphazi la galu umachita zinthu ziwiri. Timiyala take timakanda khungu, ndipo mcherewo umayamwa chinyezi mpaka khungu kung'ambika. Aliyense amene anadwalapo zikang'a m'mwezi wa Julaye angaganizire mmene zingamvekere wina atathiramo mchere. Galu akaumeza wambiri amamva ludzu losatha, amasanza, amatsegula m'mimba ndi kufooka. Zikafika poipa amanjenjemera, kugwa ngati wakhunyu, ndipo impso zimawonongeka. Abale athu a ku Canada ndi ku America adziwenso kuti kumeneko amagwiritsa ntchito mitundu ina monga calcium chloride, yomwe imatulutsa kutentha ikamasungunuka ndipo imatha kuwotcha khungu.

Mdani wachiwiri ndiye woopsa kuposa onse. Ndi antifreeze, madzi amene amathiridwa mu rediyeta ya galimoto kuti asaundane. Ambiri mwa madzi amenewa ali ndi mankhwala otchedwa ethylene glycol, omwe amatsekemera. Galu amatha kuwanyambita pansi pomwe galimoto inadonthetsa, kapena kuwaponda n'kudzanyambita mapazi kunyumba. Masipuni ochepa chabe akhoza kupha galu wamng'ono, ndipo mphaka amafa ndi ochepa kuposa pamenepo. Chinyengo chake chili apa. M'maola oyamba galu amadzandira ngati woledzera, amasanza, amamwa madzi ambiri ndi kukodza pafupipafupi. Kenako amaoneka ngati wachira, mwini wake n'kupuma. Pakapita tsiku limodzi ndi theka kufikira masiku atatu, impso zimaleka kugwira ntchito, ndipo pamenepo madzi atayika kale. Mankhwala ake alipo, koma amagwira ntchito akaperekedwa m'maola oyambirira. Mukangokayikira, imbani foni kwa dokotala wa ziweto nthawi yomweyo, kaya ndi pakati pa usiku, kaya ndi pa Sabata.

Mdani wachitatu ndi timibulu ta madzi oundana. Sinowo amamatirira ku ubweya wa pakati pa zala, amasungunuka pang'ono ndi kutentha kwa thupi, n'kuundananso. Kamphindi kochepa pakati pa zala pamakhala kamwala kolimba ngati nsangalabwi mu nsapato. Mukaona galu waima mwadzidzidzi, akunyamula phazi kapena kuliluma, musamukoke ndi chingwe poganiza kuti ndi mwano. Gwadani muone. Fumbatani phazilo m'dzanja lanu lofunda mpaka kamwalako kasungunuke. Mukakazula mwamphamvu mumazula ndi ubweya womwe.

Mdani wachinayi ndi kuzizira kwenikweniko. Thupi likazizidwa kwambiri limachepetsa magazi opita kumapazi, kumakutu ndi kumchira kuti liteteze mtima ndi ziwalo zam'kati. Zikapitirira, khungu la malo amenewo limawauka ndi chisanu. Limayamba kutuwa ndi kuuma gwa, likafunda limafiira ndi kutupa, ndipo lomwe lafa limada pakapita masiku. Amene ali pangozi kwambiri ndi tiana ta agalu, agalu okalamba, ang'onoang'ono, a ubweya waufupi, ndi odwala shuga kapena mtima, chifukwa magazi awo sayenda bwino. Phazi lonyowa limazizira msanga kuposa louma.

Musanatuluke

Yambani ndi sizasi. Dulani ubweya wa pakati pa zala kuti ulingane ndi khungu la pansi pa phazi, osaumeta mpala. Gwiritsani sizasi yosasongoka kunsonga, ndipo wina agwire galu. Onaninso zikhadabo. M'nyengo yozizira galu amayenda pang'ono, choncho zikhadabo sizitha zokha ngati m'chilimwe. Zikatalika zimatambasula zala, sinowo n'kupeza polowera. Ngati mukumva zikugogoda pansi akamayenda m'khitchini, zatalika. Dulani kunsonga kokha, chifukwa mkati mwa chikhadabo muli mtsempha wa magazi. Ngati zikhadabo zake ndi zakuda ndipo simukuona pomwe mtsemphawo wathera, pemphani namwino wa kwa dokotala wa ziweto akuonetseni koyamba.

Kenako pakani mafuta. M'masitolo a ziweto amagulitsa mafuta a mapazi opangidwa ndi phula la njuchi. Amakhala ngati chotchinga pakati pa khungu ndi mchere, ndipo amaletsa sinowo kumatirira. Ngati mulibe, Vaseline yemwe tonse tinakula naye amathandiza. Pakani pang'ono chabe, mukangotsala pang'ono kutuluka, kuti asapeze mpata womunyambita yense, chifukwa akameza wambiri amatsegula m'mimba. Mafuta anu odzola onunkhira, mafuta opaka pa zilonda za matewera amene ali ndi zinc, ndi mafuta a tea tree, zonsezi musamupake. Chilichonse chopakidwa kuphazi la galu chimathera m'kamwa mwake. Paja akulu anati safunsa anadya phula. Galu sangafunse, ndiye tifunse ndife tisanamupake kanthu.

Za nsapato, sindinama, si galu aliyense amene amazifuna kapena kuzilola. Zimathandiza galu amene mapazi ake ang'ambika kale, wokalamba, kapena wokhala pakati pa tawuni pomwe paliponse pali mchere. Poyeza msinkhu, muimitseni pa pepala ataponda bwinobwino, mulembe m'mbali mwa phazi, n'kuyeza mulifupi mwake. Tsiku loyamba adzayenda ngati waponda moto, ana adzaseka, koma musataye mtima. Muvekeni m'nyumba kwa mphindi zochepa tsiku lililonse, mukumupatsa kachakudya komwe amakonda, mpaka azolowere. Onetsetsani kuti lamba sakukhula kachala kam'mwamba kaja. Mukafika kunyumba muvuleni, chifukwa galu amatuluka thukuta kumapazi, ndipo phazi lokhala m'chinyezi limachita zilonda. Masokosi a ana okha musamuveke panja. Amanyowa msanga, n'kusunga madzi ozizira ndi mchere pakhungu.

Muli panjira

Sankhani njira. Pomwe pali udzu kapena kanjira ka m'paki, pitani pamenepo m'malo mwa m'mbali mwa msewu waukulu. Pewani matope a sinowo wosungunuka amene amaunjikana m'mphepete mwa msewu, chifukwa mchere ndi zodontha m'galimoto zimasonkhana mmenemo. Musamulole kumwa madzi a m'zithaphwi kapena kununkhiza pansi pa galimoto zoimikidwa. Kukazizira kwambiri, maulendo awiri aafupi amaposa umodzi wautali. Galu akayamba kunjenjemera, kunyamula mapazi mosinthanasinthana kapena kukokera kunyumba, wanena zonse zomwe akanatha kunena. Bwererani.

Pafupi ndi dziwe kapena ngalande youndana, galu akhale pa chingwe nthawi zonse. Madzi oundana a ku Britain kawirikawiri sakhala olimba moti n'kunyamula munthu. Anthu amwalirapo potsatira agalu awo amene anagwera m'madzi otere, ndipo nthawi zina galuyo anatuluka yekha. Uzani ana anu momveka bwino kuti galu akagwera, iwo asapondepo. Aime kumtunda, amuitane, ndipo aimbe 999. Popeza nthawi zambiri timayenda kuli mdima, valani chovala chowala ndipo galu akhale ndi kolala yonyezimira.

Mukafika pakhomo

Apa ndiye pagona nkhani yonse. Ikani beseni laling'ono ndi thaulo lakale pafupi ndi chitseko. Galu asanalowe, thirani madzi ofunda pang'ono. Ayeseni ndi chigongono monga timachitira posambitsa khanda. Ife a Adventist timakonda kuviika mapazi m'madzi otentha tikadwala chimfine kapena mutu, koma chithandizo chimenecho si cha phazi lozizidwa. Khungu lochita dzanzi silimva kuti likupsa. Viikani phazi limodzilimodzi, mutsuke pakati pa zala, ndipo mupukute mpaka liume, makamaka pakati pa zalapo. Pukutaninso miyendo ndi kumimba, komwe matope amathovukira. Sopo safunika tsiku lililonse, chifukwa amaumitsa khungu.

Mukupukuta choncho, yang'anani. Funani ming'alu, kufiira, kutupa, kamwala kapena kagalasi. Mukapeza bala laling'ono, litsukeni ndi madzi oyera, n'kulipsinja ndi nsalu yoyera. Ngati magazi sakuleka pakatha mphindi 10 kapena 15, ngati balalo ndi lakuya, kapena ngati galu akutsimphinabe tsiku lotsatira, pitani naye kwa dokotala. Bala la kuphazi limachedwa kupola chifukwa galu amalipondera nthawi zonse. Mukamanga bandeji musathinitse. Ngati mukuganiza kuti khungu lawauka ndi chisanu, musalitikite ndipo musaliyandikize ku hita. Liviikeni m'madzi ofunda, mumufunditse galuyo bulangete, n'kuimba foni. Mapazi akauma, pakaninso mafuta pang'ono, ndipo mbale yake ya madzi akumwa ikhale yodzaza.

Pali zinthu zitatu zomwe mtima wachifundo ungatichititse koma n'zoopsa. Choyamba, musamupatse galu mankhwala a anthu opha ululu. Ibuprofen amawononga m'mimba ndi impso zake, ndipo Panado woperekedwa popanda muyeso wa dokotala amawononga chiwindi. Chachiwiri, musamumwetse madzi amchere kuti asanze, monga ena amachitira kumudzi galu akadya poizoni. Mungamuphe ndi mcherewo. Chachitatu chikukhudza ife eni. Pafupifupi nyumba iliyonse ya Adventist ili ndi botolo la makala, ndipo makala ali ndi ntchito yake. Koma sagwira mchere, ndiponso sagwira bwino mankhwala a mu antifreeze. Mukamamwetsa makala n'kudikira, mukungotaya maola amene akanapulumutsa impso. Mkaka ndi mazira nazonso sizichotsa poizoni ameneyu.

Walira mvula walira matope

Makolo anzanga, galu amalowa m'nyumba ndi malonjezo a ana. "Ndizimuyendetsa ndine, amayi, tsiku lililonse." Malonjezo amenewo amakoma mu Juni, dzuwa likamalowa 9 koloko itadutsa. Mu Januwale amasungunuka. Dziwani kuti lamulo la Animal Welfare Act la 2006, lomwe limagwira ntchito ku England ndi ku Wales, limati mwana akakhala wosakwana zaka 16, kholo ndilo lili ndi udindo pa chiweto chake. Lamulo lomwelo limafuna kuti chiweto chitetezedwe ku ululu, kuvulala ndi matenda. Kusiya galu akutsimphina kwa masabata ndi nkhani yomwe bungwe la RSPCA lingakugogodereni nayo pakhomo.

Dziwaninso kuti NHS sithandiza ziweto. Bungwe la PDSA, lomwe linayambitsidwa ndi Maria Dickin mu 1917, limathandiza ziweto za anthu ovutika, koma limayang'ana ngati mwini wake amalandira thandizo lina la boma. Ambiri a ife amene tili pa viza ya ntchito sitiloledwa kulandira thandizo lotero. Choncho musanatenge galu khalani pansi muwerengere inshulansi, katemera ndi chakudya, pamodzi ndi chakhumi, lendi ndi zomwe mumatumiza kumudzi. Ngati sizikukwana, kukana pempho la mwana n'kwabwino kuposa kusunga chiweto chomwe simungathe kuchisamalira. Ngati muli naye kale, lembani nambala ya dokotala wa usiku n'kuimata pa fuliji lero lomwe.

Funso la mayi anga lija silinali lopanda pake, ndipo ndimalikumbukira nthawi zonse ndikalowa m'sitolo ya ziweto n'kuona majuzi a agalu okwera mtengo kuposa yunifolomu ya sukulu. Mkhristu ayenera kusamala kuti chiweto chisadye gawo la mwana wamasiye. Koma yankho lake si kunyalanyaza galu. Ndinawauza kuti, "Amayi, tinsapatoto tinagula chifukwa tinalephera kuchita chinthu chaulere." Madzi ofunda ndi thaulo lakale sizilanda aliyense chakudya. Kusasamala ndiko kunatidyera ndalama zomwe zikanapita ku Ntcheu mwezi umenewo.

Tikamakamba za ukapitawo timafulumira kuganiza za envulopu ya chakhumi. Koma ntchito yoyamba yomwe Adamu anapatsidwa inali ya munda ndi nyama. Lamulo la Sabata pa Eksodo 20 limatchula ziweto pakati pa oyenera kupuma. Miyambo 12:10 imayesa chilungamo cha munthu poona mmene amachitira ndi chiweto chake. Ndipo Ellen G. White, polemba za Balamu ndi bulu wake m'buku la Patriarchs and Prophets, anadzudzula mwamphamvu nkhanza ndi kunyalanyaza nyama zomwe zili m'manja mwathu. Mwana amene waphunzira kuzindikira ululu wa cholengedwa chosatha kulankhula sadzavutika kuzindikira ululu wa agogo ake kapena wa mnzake wosungulumwa kusukulu.

Palinso phindu lathu. M'nyengo yozizira ambiri a ife timachoka m'nyumba kulowa m'basi, kuchoka m'basi kulowa kuntchito, osaona dzuwa kwa sabata yathunthu. Timaphunzitsa za mpweya wabwino, kuwala kwa dzuwa ndi kulimbitsa thupi, koma kuzichita kumativuta. Galu salola zifukwa. Ine masiku amene ndili pakhomo ndimayenda naye masana, pamene kunja kwafundako ndipo kuli kuwala. Ndaona kuti ndimagona bwino ndipo mtima umapepuka.

Kwa inu a kumudzi

Ku Malawi ndi ku Zambia misewu siwazidwa mchere, koma m'miyezi ya Juni ndi Julaye kumazizira ndithu ku Dedza, ku Ntcheu, ku Mzimba ndi m'munsi mwa phiri la Mulanje, ndipo abale athu a ku Johannesburg amadzuka udzu utayera ndi chisanu. Galu wogona pa simenti yopanda kanthu amavutika, makamaka wokalamba wa nyamakazi. Chiguduli chouma pamalo osawomba mphepo chimakwanira. Galu wozizidwa amakonda kukagona paphulusa pomwe panali moto, ndipo amapsa mapazi ndi makala obisika. Zimitsani moto bwinobwino. M'mwezi wa Okutobala vuto limatembenuka, phula la mumsewu ndi mchenga zimatentha. Ikani kuseri kwa dzanja lanu pansi. Ngati simungapirire masekondi asanu, galunso sangapirire, ndiye muyende naye m'mamawa kapena madzulo. Muzionanso pakati pa zala zake ngati pali minga, nkhupakupa kapena matekenya. Ndipo katemera wa chiwewe chaka chilichonse musamuphonye, chifukwa ameneyo amateteza ndi ana anu omwe.

Chiperoni anachira patatha masabata awiri. Panopa pa ndandanda ya ntchito za Lachisanu yomwe ili pa fuliji pathu, pakati pa kusita ndi kupolisha nsapato, pali mzere wa Madalitso wakuti galu ayende 3 koloko itangodutsa, ndipo mapazi atsukidwe dzuwa lisanalowe. Masiku amene iye wachedwa kusukulu ndimachita ndine masana. Galuyo anazolowera moti akafika pakhomo amaima pa beseni n'kunyamula yekha phazi lakutsogolo. Mayi anga ataona kanema wake anasekanso, koma sabata yotsatira anandiuza kuti aika chiguduli pakhonde choti galu wawo azigonapo.

Mulungu adalitse makomo anu ndi zonse zokhalamo. Tikumanenso mwezi wamawa.